Mkuyu wa Pakhomo Kuno ku Washington: Musauzule Juni Asanafike

Kuwerenga: Luka 13:6-9 ndi Miyambo 27:18

Mu Epulo 2023 ndinatuluka m'nyumba ndi fosholo kuti ndikazule mkuyu wanga. Mitengo yonse ya mumsewu wathu ku Silver Spring inali itaphuka, maluwa a cherry anali atayoyoka kale, koma mkuyuwo unangoti njo, nthambi zili gwa ngati nkhuni. Chimene chinaupha ndinkachidziwa. Pa 23 ndi 24 Disembala 2022 kunagwa chisanu choopsa, moti m'madera ambiri kuzizira kunafika pansi pa 10°F, komwe ndi -12°C. Sabata imeneyo ndinali pa ntchito ya usiku kuchipatala, ndipo ndikaweruka ndinkangofikira pabedi. Mtengo uja sindinaufundike.

Amene anandiletsa ndi mayi wachikulire woyandikana nane, yemwe makolo ake anachokera ku Italy. Ndiwo anandipatsa kanthambi komwe kanadzakhala mtengowu. Atandiona ndi fosholo anaitana ali pampanda: "Mwana wanga, tula fosholoyo. Chafa ndi chapamwambachi. Dikira mpaka Juni." Ndinamvera chifukwa cha ulemu chabe, mumtima ndisakukhulupirira. Kumapeto kwa Meyi mphukira zisanu zinatuluka pansi penipeni pa tsinde. Pofika Ogasiti zinali zitandipitirira paphewa, ndipo kumayambiriro kwa Okutobala tinadyako nkhuyu zingapo.

Ambiri mwa inu mwakhala mukundifunsa tikatuluka m'mapemphero kuti mkuyu umalimidwa bwanji kuno. Phunziro lino ndi yankho langa. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: kuno moyo wa mkuyu uli m'mizu, choncho ntchito yathu ndi kuteteza mizuyo ndi kudziwa nthawi yodikira.

Mkuyu wake uti?

Tikamva mawu oti mkuyu, maganizo amathamangira kumudzi, ku chimtengo cha m'mbali mwa mtsinje chomwe zipatso zake zimabala m'magulumagulu pathunthu ndi panthambi zikuluzikulu. Akatswiri a zomera amautcha Ficus sycomorus. Ndi mtundu wa mtengo umene Zakeyu anakwera ku Yeriko, komanso umene mneneri Amosi ankasamalira asanaitanidwe. Kachere, amene mithunzi yake imasunga mabwalo a milandu kwathu, ndi mbale wake. Mitengo imeneyi siingapirire chisanu cha kuno.

Mkuyu womwe timabzala pakhomo ndi Ficus carica, wochokera kumayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean ndi kumadzulo kwa Asia. Ndi waufupi, masamba ake ndi aakulu ngati chikhatho chotambasula, ndipo zipatso zake zimatuluka chimodzichimodzi pamene tsamba lakumana ndi nthambi. Umenewu ndiwo uli m'fanizo la pa Luka 13.

Mukukumbukira tili ana, tikang'amba nkhuyu tinkayamba tauzira m'kati kuti tizilombo tichoke? Akuluakulu anaona zomwezo pamene anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tizilombo tambiri mwa tija ndi timavu ting'onoting'ono tomwe timalowa m'chipatso kukaikira mazira, ndipo potero timanyamula mungu, pakuti maluwa a mkuyu ali m'kati mwa chipatsocho. Mitundu imene timabzala kuno imabereka popanda mungu, ndipo timavu ta mkuyu sitikhala m'dera lino. Mtengo umodzi wokha ndi wokwanira kukupatsani zipatso.

Chenjezo limodzi tisanapitirire. Pobwera kuchokera kumudzi musabise timitengo kapena njere m'chikwama. Malamulo a United States amafuna kuti chomera chilichonse chinenedwe pofika pabwalo la ndege ngati Dulles, ndipo wobisa amalipitsidwa. Cholinga chake ndi kuteteza minda ya kuno ku matenda ndi tizilombo.

Mitundu yoyenera dera lathu

Unduna wa zaulimi wa dziko lino, USDA, umagawa dziko m'zigawo malinga ndi kuzizira kwa nyengo yachisanu. Pa mapu amene anatuluka mu 2023, pakati pa mzinda wa Washington pali m'chigawo 8a, pamene madera ambiri ozungulira ku Maryland ndi ku Virginia ali mu 7a kapena 7b. Nthambi za mkuyu zimayamba kuwonongeka kuzizira kukafika cha m'ma 15°F, komwe ndi -9°C. Ndiye kuti tili m'malire: zaka zina mtengo umadutsa osavulala, zaka zina umafa mpaka pansi, monga zinachitikira mikuyu yambiri ya m'dera lino m'chisanu cha Januwale 2014.

Mitundu itatu ndiyo yodalirika kwa woyamba kumene. Chicago Hardy ndi umene ndili nawo ine. Ubwino wake ndi woti ngakhale ufe mpaka pansi, mphukira zatsopano zimatha kubereka chaka chomwecho. Celeste uli ndi zipatso zazing'ono zotsekemera kwambiri, ndipo kabowo ka kunsi kwa chipatso n'kotseka, zomwe zimathandiza m'chinyezi cha Ogasiti kuti madzi ndi tizilombo zisalowe. Brown Turkey ndi wosavuta kupeza m'malo ogulitsa mbande ndipo umabereka zambiri. Pogula funsani dzina la mtundu wake. Safunsa anadya phula.

Malo obzala

Mkuyu umafuna dzuwa la maola 6 mpaka 8 pa tsiku. Malo abwino koposa ndi pafupi ndi khoma loyang'ana kummwera, chifukwa kuno dzuwa limadzera kummwera, mosiyana ndi kwathu komwe miyezi yozizira limapendekera kumpoto. Khomalo limasunga kutentha masana n'kumakutulutsa usiku, komanso limatchinga mphepo yozizira yochokera kumpoto chakumadzulo. Siyani mpata wa mita imodzi kapena kuposerapo kuchokera kukhoma.

Dothi la madera ambiri kuno ndi katondo wolimba yemwe amasunga madzi, pomwe mizu ya mkuyu imaola ikakhala m'madzi. Kumbani dzenje lotakata kuposa lakuya, sakanizani dothi ndi manyowa owolerana, ndipo ngati malowo amadikha madzi, unjikani kachulu n'kubzala pamwamba pake. Nthawi yabwino ndi kumapeto kwa Epulo kapena mu Meyi, chisanu chitatheratu. Musanakumbe imbani 811 masiku angapo zisanachitike, kuti adzakusonyezeni pomwe padutsa mapaipi a gasi ndi nthambo za magetsi. Ntchitoyi ndi yaulere. Amene mukukhala m'nyumba ya lendi, pemphani kaye kwa eni ake.

Ambiri a ife tilibe bwalo, tili ndi kakhonde chabe. Musadandaule, mkuyu umakula bwino m'chidebe. Chaka choyamba chidebe cha magaloni 3 kapena 5 chimakwana, kenako muusamutsire m'cha magaloni 10 kapena 15. Chidebecho chikhale choboola kunsi, ndipo muikemo dothi logula lopangidwira zomera za m'zidebe. Dothi lokumba pabwalo limaumbika ngati njerwa.

Kuchulukitsa: monga chinangwa

Aliyense amene anabzalapo chinangwa akudziwa kale theka la ntchitoyi. Mkuyu timabzala nthambi. Njere zimatulutsa mtengo wosiyana ndi mayi wake, ndipo nthawi zambiri njere za nkhuyu za kuno sizimera n'komwe.

Dulani nthambi masamba atayoyoka, kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka kumayambiriro kwa Malichi. Sankhani nthambi imene yakula chaka chomwecho ndipo yakhwima, yonenepa ngati pensulo kapena chala. Iduleni m'zidutswa za masentimita 15 mpaka 20, chilichonse chikhale ndi mfundo zitatu kapena zinayi. Kunsi dulani mowongoka, kumwamba mopendeketsa, kuti musadzabzale chadodolido. Ngati simunakonzeke kubzala, kulungani timitengoto m'pepala lonyowa pang'ono, ikani m'jumbo, ndipo sungani m'filiji mmene mumaika ndiwo zamasamba. Musaike mouma madzi.

Mu Febuluwale kapena Malichi tengani makapu apulasitiki oonekera m'kati, boolani kunsi, ndipo dzazani dothi logula losakaniza ndi perlite, timiyala toyera topepuka tija. Zikani kamtengo kuti mfundo ziwiri zilowe pansi, imodzi kapena ziwiri zitsale kunja. Ikani pamalo ofunda, pakati pa 70°F ndi 77°F, powala koma osati padzuwa lamphamvu. Mizu imaoneka pakatha masabata atatu mpaka asanu ndi limodzi.

Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Chimene chimapha timitengo si ludzu, koma madzi ochuluka. Dothi likhale lachinyontho ngati nsalu yofinya bwino. Komanso masamba akatuluka musafulumire kusangalala, chifukwa kamtengo kamatha kuphuka ndi chakudya chomwe kanasunga, mizu kalibe. Dikirani muone mizu yoyera m'mbali mwa kapu. Bzalani timitengo tinayi kapena tisanu, poti tina timakanika. Potulutsa mbande kunja mu Meyi, ziyambe zakhala pamthunzi kwa sabata imodzi kuti masamba asapse.

Pali njira ina ya m'chilimwe. Mu Juni sankhani nthambi ili pamtengo, sendani khungwa mozungulira ngati mphete ya masentimita awiri, kutirani pabalapo ndi dothi lonyowa, mangani ndi pulasitiki, ndipo phimbani kuti dzuwa lisalowe. Pakatha mwezi umodzi kapena iwiri mizu imadzaza. Mukatero dulani kunsi kwake n'kubzala m'chidebe. Mphukira za pansi pa tsinde zomwe zili kale ndi mizu mungathenso kuzipatula ndi fosholo.

Chaka cha mkuyu

Chaka choyamba thirirani mtengo wa pansi kamodzi pa sabata mokhutitsa ngati mvula sinagwe. Wa m'chidebe umafuna madzi tsiku lililonse m'kutentha kwa Julayi ndi Ogasiti. Phimbirani pansi ndi masamba ouma kapena makungwa, pakuti mizu ya mkuyu imayenda pamwamba. Pachifukwa chomwecho musapalire ndi khasu pafupi ndi tsinde.

Feteleza asachuluke. Nayitirojeni wambiri amabweretsa masamba obiriwira osiririka, zipatso ayi. Wa pansi umakhuta ndi manyowa kamodzi mu Epulo. Wa m'chidebe upatseni feteleza pang'ono kuyambira Epulo mpaka Julayi, kenako lekani kuti nthambi zikhwime chisanu chisanadze.

Mkuyu umatha kubereka kawiri. Zipatso zoyambirira zimatuluka panthambi za chaka chatha ndipo zimapsa cha mu Juni kapena Julayi, koma kuno chisanu chimazitenga kawirikawiri. Zokolola zenizeni zimatuluka panthambi zatsopano ndipo zimapsa kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Kuchokera pamene kachipatso kaoneka kufika pakupsa pamadutsa pafupifupi miyezi itatu. Nthambi ikafika masamba asanu kapena asanu ndi limodzi mu Juni, tsinani nsonga yake monga timachitira ndi nkhwani, kuti mphamvu zipite kuzipatso. Tizipatso totuluka pakati pa Ogasiti kapena pambuyo pake tichotseni, chifukwa chisanu chimafika kumapeto kwa Okutobala kapena mu Novembala tisanapse.

Nkhuyu ikathyoledwa yosapsa siipsanso, sili ngati nthochi kapena mapeyala amene timavundika. Yakupsa imafewa, imaweramira pansi pakhosi pake, ndipo nthawi zina khungu limang'ambika pang'ono. Ngati pothyola patuluka utomoni woyera, mwafulumira. Agologolo, mbalame, mavu ndi nyerere nazo zimadziwa tsiku lakupsa, choncho yenderani mtengo m'mawa uliwonse, kapena valikani zipatso timatumba ta neti. Nkhuyu zakupsa zimangokhala masiku awiri kapena atatu m'filiji.

Kufundika mtengo

Mwambo wofundika mikuyu unafala m'mizinda ngati New York ndi Baltimore kudzera mwa anthu ochokera ku Italy, amene anabwera ndi timitengo ta kwawo. Ena ankafika popinda mtengo wonse n'kuukwirira m'ngalande mpaka chisanu chithe. Ife sitifunika kufika pamenepo.

Dikirani masamba onse ayoyoke, zomwe zimachitika cha ku Thanksgiving. Mangani nthambi pamodzi ndi chingwe. Unjikani masamba ouma kapena makungwa pamizu, mulu wa masentimita 20 mpaka 30. Zungulizani waya wa nkhuku, dzazani masamba ouma m'kati, kutirani ndi ziguduli, ndipo vundikirani ndowa pamwamba kuti mvula isalowe. Pulasitiki isakhudze nthambi, chifukwa imasunga chinyezi n'kuoletsa khungwa. Muzisuzumira mwa apo ndi apo, poti mbewa zimakonda malo ofunda otere ndipo zimatafuna khungwa. Vundukulani kumapeto kwa Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo. Zaka zitatu zoyambirira ndizo zofunika kwambiri. Ngati nthawi yakuthinani monga inandithinira ine, chitaniko chimodzi chokha: mulu wa pamizu. Ndi ntchito ya mphindi khumi.

Mkuyu wa m'chidebe uli pangozi yaikulu, chifukwa mizu yake ilibe nthaka yoifunditsa. Masamba akagwa ulowetseni m'galaja kapena m'kanyumba kosungira katundu kopanda chotenthetsera, komwe kuzizira kumakhala pakati pa 25°F ndi 45°F. Mdima suuvuta chifukwa uli mtulo. Upatseni kapu imodzi kapena ziwiri za madzi pamwezi. Musauike pabalaza pofunda, udzadzuka nthawi isanakwane n'kutulutsa nthambi zofooka. Amene muli ndi khonde lokha, kokerani chidebe kukhoma, chikutireni ndi mabulangete akale, kapena pemphani malo m'galaja ya mnzanu wa mumpingo.

Tsopano nkhani ija ya Epulo. Mkuyu umachedwa kudzuka kuposa mitengo ina. Kandani khungwa ndi chikhadabo. Ngati m'kati muli mobiriwira, nthambiyo ili moyo. Ngati ndi mofiirira ndi mouma, tsikani m'munsi mukandenso. Ngakhale zonse zitauma mpaka pansi, mizu ikhoza kukhala yamoyo, ndipo imaphuka nthaka ikafunda, kumapeto kwa Meyi kapena mu Juni. Zikatuluka mphukira, dulani zouma zonse, sankhani mphukira zamphamvu zitatu mpaka zisanu, zotsalazo chotsani.

Mawu a namwino

Utomoni woyera wa mkuyu si wosewera nawo. Muli mankhwala achilengedwe amene akakhala pakhungu n'kuombedwa ndi dzuwa amawotcha ngati moto. Matuza amatuluka pakatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo pakhungu lathu lakudali pamatsala chipsera chakuda kwa miyezi. Podulira valani magolovesi ndi malaya a manja aatali, gwirani ntchito madzulo, ndipo utomoni ukakugwerani sambani ndi sopo nthawi yomweyo. Ana asathyole masamba poseweretsa. Ukalowa m'maso, tsukani ndi madzi ambiri ndipo pitani kuchipatala.

Pa 2 Mafumu 20 timawerenga za Mfumu Hezekiya, amene chithupsa chake anachiikapo nkhuyu molamulidwa ndi mneneri Yesaya. Nkhaniyo ndi umboni wa chifundo cha Mulungu kwa mfumuyo, si malangizo a chipatala. Musaike nkhuyu, masamba kapena utomoni pachilonda, makamaka inu odwala shuga.

Nkhuyu ndi chakudya chabwino, chothandiza kuti m'mimba muziyenda. Koma dziwani kusiyana kwake. Magalamu 100 a nkhuyu zaziwisi ali ndi shuga wokwana magalamu 16, pomwe zouma zili ndi pafupifupi 48. Potaziyamu naye amakwera kuchoka pa mamiligalamu 232 kufika pa 680. Odwala shuga adye mosamala, ndipo odwala impso ayambe afunsa dokotala wawo.

Kubwerera ku Luka 13

M'fanizoli mwini munda wabwera zaka zitatu kudzafuna zipatso osapeza, ndipo walamula kuti mtengo udulidwe. Wosamalira munda akupempha chaka china chimodzi. Amene analimapo mkuyu amadziwa kuti mwini mundayo sanali wankhanza: zaka zitatu ndi nthawi yokwanira kuti mkuyu uyambe kuonetsa zipatso. Koma taonani chimene wosamalira uja akulonjeza. Sakunena kuti akhala pansi n'kumayang'ana. Akuti akumba mozungulira ndi kuthira manyowa, ntchito yonse ya kumizu, komwe maso a mwini munda safika. Ndipo akuvomereza kuti kudikirako kuli ndi malire.

Ine ndinalakwa mbali zonse ziwiri. Mu Disembala, pamene mtengo unkafuna ntchito yanga, ndinalibe nthawi. Mu Epulo, pamene unkafuna kudekha kwanga, ndinatenga fosholo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa mlimi kumayamba ndi mulu wa masamba ouma wa mu Novembala.

Pakati pathu pali ena amene chisanu cha dziko lino chawawotcha mpaka pansi: wina mapepala a sukulu ya kwathu sakuwalandira, wina mwana wasiya kulankhula naye, wina anasiya kubwera kumapemphero chaka chatha. Kunja akuoneka ouma. Sitingadziwe za mizu yawo tili patali. Miyambo 27:18 imalonjeza zipatso kwa wosamalira mtengo, osati kwa woyang'ana ali pazenera.

Mafunso okambirana m'magulu

1. Wosamalira munda analonjeza ntchito ziwiri zooneka. Kodi ndi ntchito ziti zooneka zimene mungachitire munthu amene mukumudikira kuti asinthe?
2. N'chifukwa chiyani masamba a kamtengo kongobzala kumene si umboni woti kagwira? Kodi zimenezi zikutiphunzitsa chiyani za mmene timayezera anzathu?
3. Kodi munazulapo chinthu nthawi yake isanakwane? Ndani akanakuletsani?

Ntchito ya sabata ino

Amene muli ndi mkuyu, werengani nthambi zimene mungadule masamba akagwa, ndipo mubwere nazo kutchalitchi zitalembedwa dzina la mtundu wake. Amene mulibe, yang'anani pakhomo panu kuti dzuwa limakhalitsa pati, ndipo sungani makapu apulasitiki anayi. Ine ndidzabwera ndi timitengo ta Chicago Hardy, tochokera ku mtengo uja ndinkafuna kuzula. Amene muli ndi malo m'galaja, mutiuze, kuti a m'nyumba zosanja adziwe kosungitsa zidebe zawo chisanu chisanafike.